Pulinta, NAS ndi kompyuta yakale pa Wi-Fi ya m'nyumba: momwe ntchito ikuyendera

Tsiku 1, Loweruka

Ndayamba kulemba zimenezi kuti ndizikumbukira chilichonse chimene ndasintha. Pa netiweki, ukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, mawa lake sudziwanso kuti chakonza ndi chiti, chawononga ndi chiti.

Nkhani yake ili motere. Rauta ili pabalaza, pamene waya wa intaneti analowera m'nyumba. M'chipinda chakumapeto muli zipangizo zitatu zopanda Wi-Fi: pulinta, kompyuta yapatebulo yomwe yatha zaka zoposa khumi, ndi kabokosi kosungira mafayilo kamene amakatcha NAS. Zonsezi zili ndi kabowo kolowetsa waya wa Ethernet basi. Mpaka lero mchemwali wanga akafuna kusindikiza mapepala a kuntchito kwake amakopera fayilo pa fulashi, kupita nayo kuchipindako, kuyatsa kompyuta yakale ija, n'kudikira kuti idzuke. Zimandipweteka kumuona akutaya nthawi chonchi usiku atatopa kale.

Chanzeru kwambiri chikanakhala kukoka waya. Waya wa Cat5e amanyamula 1 Gbps mpaka mamita 100, ndipo apa mtunda sukufika ngakhale mamita 20. Koma nyumbayi ndi ya lendi, ndipo eni ake ananena mosapita m'mbali kuti makoma awo asabooledwe. Pakati pa rauta ndi chipindacho pali makoma awiri a njerwa ndi zitseko ziwiri zimene zimatsekedwa usiku uliwonse.

Timaadaputala ta USB tija sitingathandize pano. Timagwira pa kompyuta chifukwa kompyuta imalandira driver, kapulogalamu koyendetsa chipangizocho, pamene pulinta ilibe poika driver. Chimene ndatenga ndi adaputala ya mtundu wina, kabokosi kokwana m'dzanja, kamene mbali imodzi kamalowa pa Wi-Fi monga imachitira foni, mbali inayo n'kutulutsa intaneti pa waya. Pa mndandanda wa zosankha zake, ntchito imeneyi yalembedwa kuti client mode. Kumbuyo kwake ndaika swichi (kabokosi kolumikiza mawaya a zipangizo zingapo) ya mabowo asanu kuti zipangizo zonse zitatu zikwane.

Ndisanaiyandikitse ku netiweki ya m'nyumba, ndailumikiza ndi laputopu yokha pa waya. Ndachita bwino kutero, chifukwa inabwera ili ndi adiresi 192.168.1.1, yofanana ndendende ndi ya rauta, komanso ikugawa yokha maadiresi kudzera mu DHCP. Ogawa awiri pa netiweki imodzi ndi chisokonezo chokhachokha. Ndaipatsa 192.168.1.2, ndazimitsa DHCP yake, ndasintha pasiwedi yolowera m'kati mwake. Rauta ikugawa kuyambira 192.168.1.100 mpaka 192.168.1.199, choncho manambala a m'munsiwa ndi anga ogawa pamanja.

Batani la WPS, njira yachidule yolowera pa Wi-Fi osalemba pasiwedi, sindinalikhudze, ndipo pa rauta ndinazimitsa WPS kalekale. Mu Disembala 2011 Stefan Viehböck anaonetsa kuti PIN yake ya manambala 8 imayesedwa m'zigawo ziwiri, moti munthu akhoza kuipeza atayesa kosaposa 11,000. Ndalemba dzina la netiweki ndi pasiwedi ya WPA2 pamanja. Kanyali kasanduka kobiriwira, kompyuta yakale yatsegula tsamba la pa intaneti. Lero ndalekezera pomwepa.

Tsiku 2, Lamulungu

Dzulo ndinasiya adaputala pansi, kuseri kwa tebulo, pafupi ndi soketi. M'mawa uno tsamba lake likuonetsa mphamvu ya mafunde ya -74 dBm, ndipo ping yopita ku rauta (kauthenga koyesa ngati rautayo ikuyankha, komanso msanga bwanji) ikudumphadumpha, nthawi zina osayankha n'komwe. Nditagwada kuti ndione bwino, ndapeza kuti kabokosiko kali pakati pa khoma ndi thupi lachitsulo la kompyuta. Chitsulo chimatchinga mafunde kuposa khoma.

Apa m'pamene ubwino wa adaputala ya waya waonekera. Siyenera kukhala pomwe pali zipangizo. Ndatenga waya wa mamita atatu, ndakweza adaputala pamwamba pa shelefu ya mabuku pafupi ndi chitseko, swichi n'kutsala pansi. Nambala yafika -61 dBm. Pa muyeso umenewu, kusiyana kwa 3 dB ndi kuwirikiza kawiri ndipo 10 dB ndi kuwirikiza kakhumi, kotero 13 dB imeneyi ndi mphamvu yochuluka pafupifupi ka 20. Zonsezi zangochokera pa kusuntha kabokosi mamita awiri.

Kenako nkhani ya 2.4 GHz ndi 5 GHz. Rauta inali ndi dzina limodzi pa zonse ziwiri, ndipo adaputala imasankha yokha, masana ili uku madzulo ili uko. Ya 2.4 GHz imadutsa makoma bwino, koma ndi yodzaza. Matchanelo ake osalowererana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndipo netiweki za oyandikana nawo zili pa onse atatu. Mayikulowevu nayo imagwira pa 2.45 GHz, m'dera lomwelo. Ya 5 GHz ikufika yofookerapo, -68 dBm, koma kuli phee. Ndapatsa iliyonse dzina lake, ndamangirira adaputala ku 5 GHz, ndipo ndakhazika rauta pa tchanelo 36. Kuyambira tchanelo 52 kupita m'mwamba kuli matchanelo ambiri amene rauta imagawana ndi radar, ndipo ikamva radar imayenera kuchokapo. Foni siidandaula nazo kwenikweni, koma adaputala ikasokonezeka, zipangizo zitatu zimagwa nthawi imodzi.

Tsiku 3

Pa katoni analemba 1200 Mbps. Ndayesa ndi iperf3, pulogalamu yoyezera liwiro, pakati pa kompyuta yakale ndi laputopu yomwe ndinailumikiza pa rauta ndi waya, ndipo nambala yaima pa 94 Mbps, osakwera osatsika. Nambala ikaima chilili chonchi, vuto silikhala la mafunde. Kabowo ka Ethernet ka adaputalayi ndi ka 100 Mbps, ndipo 94 ndi zimene zimatsala ukachotsa zolemba za pamwamba pa paketi iliyonse, kutanthauza kachidutswa kalikonse ka uthenga koyenda pa netiweki. 1200 ija ndi 1167 yokwezedwa pang'ono, yochokera pa kuphatikiza 300 ya 2.4 GHz ndi 867 ya 5 GHz, ziwiri zomwe sizigwira ntchito limodzi pa kulumikizana kumodzi. Amene akufuna kugula adaputala yotere ayang'ane kaye liwiro la kabowoko asanatengeke ndi nambala yaikulu ya kutsogolo.

Kwa ine 94 Mbps ndi yokwanira, ikuposa intaneti yomwe imalowa m'nyumba muno. Fayilo ya 4 GB yochoka pa laputopu kupita ku NAS yatenga mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi. Fayilo yomweyo kuchoka pa kompyuta yakale kupita ku NAS sinathe ngakhale mphindi imodzi, chifukwa ziwirizi zili pa swichi imodzi ya gigabit ndipo zokambirana zawo sizikwera mumlengalenga.

Tsiku 6

Madzulo ano magetsi anathima kwa mphindi zochepa. Atayaka, mchemwali wanga anaima pakhomo la chipinda ndi laputopu m'manja.

"Achimwene, pulinta ija yasowanso. Dzulo ndimasindikiza bwinobwino."

"Dikira pang'ono, ndione chachitika."

Ndadina batani loti pulinta isindikize tsamba la momwe yakhalira pa netiweki. Adiresi yake yatuluka yoyamba ndi 169.254. Chipangizo chimadzipatsa chokha adiresi yotere chikapempha kwa DHCP koma osayankhidwa. Kompyuta yakale, yomwe ili pa swichi yomweyo, inali italandira adiresi yake bwinobwino. Ndinagwira njakata.

Nditalowa mu rauta kuti ndione mndandanda wa zipangizo, m'pamene maso anatseguka. Kompyuta yakale, NAS ndi adaputala zinali ndi maadiresi a IP (aja oyamba ndi 192.168) osiyana, koma zonse zikuoneka pansi pa adiresi ya MAC imodzi, ya adaputala. Chipangizo chilichonse chili ndi MAC yakeyake ya ma bit 48, yomwe imalembedwa ndi zilembo ndi manambala 12 pa kapepala ka kunsi kwake. Ndinatembenuza NAS n'kuwerenga yake. Pa rauta sinaliponso.

Ndakhala pa nkhaniyi mpaka usiku, ndipo ndikufuna ndiilembe bwino chifukwa ndikuona kuti mavuto onse a ntchitoyi agona pamenepa. Paketi ya Ethernet ili ngati kalata yokhala ndi maadiresi awiri, wotumiza ndi wolandira. Paketi wamba ya Wi-Fi, malinga ndi malamulo a IEEE 802.11, imanyamula atatu. Ikamachoka pa foni kupita ku rauta, malo oyamba ndi a rauta yolandira mafundewo, achiwiri ndi a foni yotumiza, achitatu ndi a komwe kalatayo ikathere. Malo a wotumiza ndi amodzi okha, chifukwa amene anakonza malamulowa mu 1997 ankaona kuti wolemba kalata ndi woiponya mumlengalenga ndi mmodzi yemweyo. Kwa foni n'zoona. Kwa adaputala yanga si choncho: wolemba ndi pulinta, woponya ndi adaputala. Rauta nayo imakana paketi yochokera ku MAC imene sinalowe pa Wi-Fi yake ndi pasiwedi.

Ndiye adaputala imachita chiyani? Imafufuta dzina la pulinta pa envulopu n'kulembapo lake, kenako n'kusunga m'kaundula wake kuti IP yakuti ndi ya chipangizo chakuti. Yankho likabwera, imayang'ana IP, n'kupereka kwa mwini wake. Rauta imaona munthu mmodzi wokhala ndi manambala angapo. Pa kutsegula masamba ndi kukopera mafayilo njirayi imayenda popanda wodziwa. Imagwa pamene pakufunika MAC yeniyeni, kapena pamene chipangizo chilibe IP.

Pempho la DHCP lili ndendende pamenepo. Pulinta ikamapempha imakhala ilibe IP, ndipo m'kati mwa pempholo imalembamo MAC yake yeniyeni. Zipangizo zina zimapempha kuti yankho lilengezedwe kwa onse, ndipo yankho lotero limadutsa. Zina zimayembekeza kuti libwere molunjika ku MAC yawo. Rauta ikalunjika nalo ku MAC ya pulinta, pa Wi-Fi palibe wodziwika ndi dzina limenelo, ndipo kalata imathera m'njira. N'chifukwa chake zipangizo ziwiri pa swichi imodzi zikhoza kuona zosiyana.

Mankhwala ake ndi osavuta. Ndalemba adiresi yokhazikika m'kati mwa pulinta momwemo, 192.168.1.20, ndipo NAS ndaipatsa 192.168.1.21. Zonse ziwiri subnet mask 255.255.255.0, gateway 192.168.1.1. Poyamba ndinafuna kuzisungira maadiresi pa rauta, koma kusungira kumeneko kumadalira MAC, ndipo sindingakukhulupirire pamene rauta ikuona nkhope imodzi. Ndathimitsa ndi kuyatsa zonse katatu. Pulinta yabwerera katatu konse pa 20. Mchemwali wasindikiza masamba ake ndipo wakagona.

Chinanso chimene ndazindikira: lamulo lililonse la pa rauta lotsata MAC, kaya kuchepetsa liwiro kaya kutseka intaneti usiku, ligwira zitatu zonse pamodzi. Sindingatsekere pulinta intaneti n'kusiya NAS, pokhapokha lamulolo litsate IP.

Tsiku 9

Laputopu ikusindikiza chifukwa ndinaiuza adiresi ya pulinta mwachindunji. Foni ya mchemwali siikuiona pulinta konse.

Mafoni safunsa adiresi. Amaponya funso kwa gulu lonse kudzera mu mDNS, pa 224.0.0.251 ndi port 5353, kuti ngati pali pulinta iyankhe. Ndinayamba kukayikira adaputala, koma cholakwa choyamba chinali kwina: foniyo inali pa netiweki ya alendo, yomwe dala imatsekereza zipangizo kuti zisaonane ndi za m'nyumba. Nditaisamutsira ku netiweki yaikulu, pulinta inayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Mu adaputala ndapezamo chosankha chokhudza multicast, kutumiza kwa gulu kotereku, chomwe chinali chozimitsa. Ndachiyatsa, ndipo pa maulendo khumi amene ndayesa, foni yapeza pulinta kasanu ndi kanayi.

Ulendo umodzi umene yalephera, pulinta inali itagona tulo tofa nato kwa maola angapo. Chipangizo chikakhala chete nthawi yaitali, dzina lake limafufutika m'kaundula wa adaputala, ndipo sichibwereramo mpaka chitalankhula. Ndasintha kuti pulinta izizimitsa chowalitsa ndi chotenthetsera chokha, mbali ya netiweki izikhala maso. Izidyako magetsi pang'ono, koma ndalolera.

Tsiku 10

Wake-on-LAN yakanika. Ndinkafuna kumadzutsa kompyuta yakale ndili pabalaza. Paketi yodzutsira ndi ya ma byte 102: FF kasanu ndi kamodzi, kenako MAC ya kompyuta kubwerezedwa ka 16. Ndikaitumiza kuchokera ku NAS, yomwe ili pa swichi imodzi ndi kompyutayo, imadzuka nthawi yomweyo. Ndikailunjikitsa ku IP ya kompyutayo kuchokera pabalaza, zii. Kompyuta yozima siiyankha funso la ARP, lofunsa kuti IP yakuti ndi ya MAC iti, choncho palibe wodziwa kopita nayo. Ndasiya kulimbana nazo. Ndizilowa mu NAS ndili pabalaza, NAS izidzutsa mnzake.

Tsiku 12, Lachitatu

Lero ndagwetsa netiweki ya nyumba yonse kwa mphindi ngati zisanu, ndipo ndikulemba kuti wina asadzachite zomwezi.

Ndinabwereka waya wamtali kuti ndiyerekeze liwiro la waya ndi la adaputala. Ndinamuyala pansi, zitseko zili zotsegula, kuchoka pa rauta kukafika pa swichi. Ndinalowetsa pa swichi adaputala ikadali yolumikizidwa. Pasanathe masekondi angapo tinyali tonse ta swichi tinayamba kuphethira limodzi mothamanga kwambiri, kanema amene mchemwali ankaonera pabalaza anaima, ngakhale tsamba la rauta linakana kutseguka.

Ndinali nditapanga njira yozungulira. Paketi yolengeza kwa onse imachoka pa swichi, kukwera pa adaputala, kufika pa rauta, kutsika ndi waya, kubwerera pa swichi, n'kuyambiranso. Paketi ya IP ili ndi nambala yomwe imachepa pa rauta iliyonse mpaka paketiyo kutayidwa, koma pa mulingo wa Ethernet palibe chowerengera chotero. Imangozungulira, zinzake n'kumawonjezekera, mpaka njira yonse kudzaza. Radia Perlman anakonza njira yothetsera vutoli mu 1985, Spanning Tree Protocol, koma swichi zazing'ono zosasinthika ngati yangayi nthawi zambiri sizikhala nayo. Nditasolola waya wa adaputala, zonse zinabwerera mwakale.

Kuyerekeza kwenikweniko kunatenga nthawi yochepa. Pa waya, ping ili pansi pa 1 ms nthawi zonse ndipo iperf3 ikupitirira 900 Mbps. Pa adaputala, ping imakhala pa 2 mpaka 4 ms, n'kumadumphira ku makumi angapo wina akamakopera chinthu chachikulu, chifukwa pa tchanelo chimodzi zipangizo zimalankhula mosinthana. Waya ndi waya ndithu. Ndikadzakhala m'nyumba yomwe ndingaboole khoma, sindidzaganiza kawiri. Ndamukulunga ndipo ndikabweza mawa.

Tsiku 15, Loweruka

Ndatha m'mawa wonse pa funso limodzi: kodi n'zotheka kuti rauta izione zipangizo zitatuzi chilichonse ndi dzina lake?

N'zotheka. Malamulo a 802.11 anasiya malo a adiresi yachinayi, kuti paketi inyamule woponya, wolandira mafunde, wolemba weniweni ndi komwe ikathere. Ambiri amaitchula WDS. Vuto n'lakuti malamulowo anafotokoza maonekedwe a paketi koma sanafotokoze momwe zipangizo ziwiri zigwirizanirane pa kuigwiritsa ntchito, choncho wopanga aliyense anachita mwake. Mbali zonse ziwiri ziyenera kuvomereza, ndipo kawirikawiri zimamvana zikakhala za banja limodzi. Adaputala yanga ili ndi WDS. Rauta ya pabalaza ilibe. Nditayatsa mbali imodzi yokha, adaputala inalowa pa Wi-Fi koma palibe paketi ya kumbuyo kwake yomwe inadutsa, ndipo ndinabwezera client mode.

Njira ina ndi OpenWrt, pulogalamu yaulere yomwe imalowa m'malo mwa firmware ya rauta, pulogalamu ya m'kati yomwe imaiyendetsa. Ikakhala mbali zonse ziwiri, maadiresi anayi amayenda, ndipo DHCP, mDNS ndi Wake-on-LAN zimagwira ngati pali waya. Ikakhala pa adaputala pokha, pali relayd, yomwe ndi njira yongozembera vutolo, ndipo imagwira IPv4 yokha, maadiresi a mtundu wa 192.168.1.1 aja. Rauta ya pabalaza ndi ya kampani yotipatsa intaneti, sindingaisinthe firmware. Chotheka n'kuika rauta yachiwiri pambali pake, yolumikizidwa ndi waya waufupi, kuti iyo izilankhula ndi adaputala. Pamenepo ndiye kuti mabokosi awiri, mapulagi awiri, ndi zinthu ziwiri zofuna kusamalira. Pakadali pano sindikuona chifukwa chokwanira. Zimene mchemwali amafuna zikutheka, ndipo NAS ikufikika.

Njira yachitatu, yosandutsa adaputala kukhala rauta yokhala ndi netiweki yakeyake kumbuyo, ndaikana. Zipangizo za kuchipinda zikanafika pa intaneti mosavuta, koma za pabalaza sizikanaziona, pamene cholinga chonse ndi chakuti pabalaza pazioneka pulinta.

Tsiku 18

Ndayesa dala kuthimitsa magetsi a nyumba yonse pa switchi yaikulu, chifukwa tsiku lachisanu ndi chimodzi lija linandiphunzitsa kuti chipangizo chimadziwika bwino podzuka. Adaputala imadzuka msanga kuposa rauta, imafufuza netiweki osaipeza, n'kudikira isanayesenso. Kuchokera pamene magetsi ayaka mpaka pamene pulinta yayankha ping papita mphindi ziwiri ndi theka. Kompyuta yakale, yomwe inali ikadali pa DHCP, inadzuka pakati pa nthawi imeneyi n'kudzipatsa 169.254, ndipo inatenga kanthawi isanapemphenso. Nayo ndaipatsa yokhazikika, 192.168.1.22.

Ndalemba maadiresi onse anayi pa kapepala n'kumata kunsi kwa swichi, pamodzi ndi chenjezo lakuti waya wochokera ku rauta asalowe pamenepo adaputala ili yoyaka. Ndamuonetsa mchemwali kanyali ka adaputala.

"Kakafiira ndizitani, achimwene?"

"Solola pulagi yake, werenga mpaka khumi, bwezera. Pakatha mphindi zitatu kasanabiriwire, undiitane."

Kusunga mafayilo a laputopu ku NAS ndakusunthira ku 2 koloko ya usiku, chifukwa kukamachitika madzulo kumadzaza tchanelo ndipo kanema wa pabalaza amadukaduka. Usiku wathawu kwayenda koyamba pa nthawi yatsopanoyi, mafayilo onse afika. Chatsala ndi IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi a IP: kompyuta yakale ikulandira adiresi yake koma masamba ena akuchedwa kuyamba kutseguka, ndipo ndikaizimitsa IPv6 pa kompyutayo kuchedwako kukutha. Kaundula wa adaputala uja ndi amene ndiyambe kumufufuza. Loweruka ndidzaika Wireshark, pulogalamu yoonetsa mapaketi akudutsa, pa laputopu ndi pa kompyuta yakale nthawi imodzi, ndione kuti ndi paketi iti ikulowa mbali ino koma osatulukira mbali inayo.